Chisanu

Chisanu ndi kuzizira kolowa m'mafupa kwa mu Juni ndi Julayi. Mawu omwewa amatanthauzanso mame oundana, oyera ngati ufa, amene amakuta udzu usiku wopanda mitambo. Ku Phalombe kuno, amene amachidziwa bwino ndi onyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje kudzera ku Fort Lister. Kumtundako chimawaula udzu, ndipo m'mamawa thanthwe lonyowa limaterera koopsa.

Ku Canada ndi ku Britain, kumene chisanu chimachititsa misewu kuterera, amalimbana nacho ndi mchere. Wosungunula m'madzi amaupopera pamsewu kusanazizire kuti madzi asaundane, pomwe wamibulu umathandiza kwambiri akaundana kale. Koma kuphiri la Mulanje kulibe wowaza mchere. Wokwera adikire dzuwa liwombe miyala, ndipo avale nsapato zogwira pansi.