Mutu wa Zidane ndi makutu a woyimbira

Asanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994, malo a Dzaleka anali ndende ya boma la Kamuzu, komwe munthu ankatha kukafika chifukwa cha pakamwa pokha. Amene anadzakhalamo pambuyo pake, ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo, nawonso anaona kwawo mawu achipongwe akutsogola, zikwanje zikubwera m'mbuyo. N'chifukwa chake ine, mwana wa ku Dowa amene ndayimbirako mpira m'midzi yozungulira msasawu, sindivomera akamati kutukwana m'bwalo ndi zamasewera chabe.

Kunyozana si kwachilendo kwathu kuno. Asuweni amaselewulana mpaka wina kulengeza misozi, koma sakwezerana dzanja poti malire amawadziwa. Kubusa kunali kwina. Anyamata akuluakulu akafuna kuti timenyane, ankaumba timilu tiwiri tadothi n'kunena kuti awa ndi mabere a amayi a uje, awa a amayi a uje. Wofafaniza mulu wa mnzake ndi phazi ndiye anali woyamba ndewu, ndipo akatuluka magazi m'mphuno palibe ankamumvera chisoni. Mlandu tinkauwerenga kuyambira pa phazi lija.

Mpira wa ndalama unatembenuza chiweruzochi. Pa 9 Julayi 2006 tinadzaza mu vidiyo sho ya mumsasa, jenereta ikulira kuseri, kuonera France ndi Italy akulimbirana chikho cha dziko lonse ku Berlin. Zinedine Zidane anachinya penate, Marco Materazzi n'kubweza ndi mutu. Pa mphindi ya 110, Materazzi atamukoka jezi, awiriwo anaponyerana mawu. Zidane anapita patsogolo pang'ono, kenaka anatembenuka n'kumugunda ndi mutu pachifuwa. Woyimbira Horacio Elizondo anatulutsa kadi yofiira, ndipo Italy inapambana 5-3 pa mapenate. M'chipinda muja munabuka mkangano wa Chiswahili chosakaniza ndi Chifalansa. Bambo wina wa ku Bukavu anaimirira n'kunena kuti munthu wamkulu chonchi sangagunde mnzake popanda kutchulidwa mayi kapena mlongo wake. Sanaphonye: Materazzi anadzavomera yekha kuti ananyoza mlongo wa Zidane. FIFA inamuletsa masewera awiri, Zidane atatu, koma mendulo inali itapita kale kwa woputa dala uja.

Sindikuyeretsa womenya ayi. Mu 2010, pa chikho cha Kagame ku Kigali, TP Mazembe ya ku Lubumbashi inakumana ndi APR, timu ya asilikali a Rwanda. Amene amadziwa za nkhondo ya kum'mawa kwa Congo akudziwa kulemera kwa masewero otere. Osewera a Mazembe anaukira woyimbira, ndipo Trésor Mputu, katswiri wawo, analetsedwa kusewera chaka chathunthu. M'Disembala chaka chomwecho anzake anagonjetsa Internacional ya ku Brazil 2-0 ku Abu Dhabi, n'kukhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu ndime yomaliza ya chikho cha makalabu a dziko lonse. Anagonja 3-0 kwa Inter Milan, timu ya Materazzi yemwe uja, Mputu palibe. Masapota a Mazembe a ku Dzaleka mpaka lero nkhaniyi imawawawa.

Ifenso tili ndi manyazi athu. Kumapeto kwa 2013, pa masewero a Mighty Wanderers ndi Silver Strikers ku Balaka, ochemerera anagendana ndipo munthu mmodzi anamwalira.

Malamulo a mpira amanena poyera kuti kutukwana n'kokwanira kutulutsa wosewera, koma woyimbira amaona chibakera, mawu samawamva. Kuno ku Dzaleka vutoli ndi lalikulu kuposa kwina. Bwalo limodzi mumamveka Chiswahili, Chinyarwanda, Chirundi, Chilingala ndi Chichewa, ndipo wotukwana amasankha dala chiyankhulo chimene woyimbira sachidziwa. Ine masewero asanayambe ndimaitana makaputeni onse awiri, n'kusankha mkulu mmodzi mbali iliyonse woti aime pamzere ndi kutchera khutu. Akandiuza kuti wina watchula mayi kapena mtundu wa mnzake, ndimamutulutsa nthawi yomweyo, ngakhale pasanachitike ndewu. Makochi amadandaula kuti ndikuononga mpira, koma pakati pa anyamata amene ndimayimbira pali ena amene amayi awo anaphedwa iwo akuona.