Mchenga pa Ng'oma

Abale amene munagwirako ntchito m'mapulazi a fodya ku Guruve, kumene kale ankatcha Sipolilo, mukumbukira ng'oma za Gule Wamkulu zimene Achewa anadza nazo kuchokera kwao. Tsiku lina tawazani mchenga pachikopa cha ng'oma, muiombe. Mchengawo udzadumpha nuthawira m'mbali, mmene chikopa sichigwedezeka. Kanthu kameneka kanasautsa anthu ophunzira zaka zambiri.

M'chaka cha 1787 Mjeremani Ernst Chladni anawaza mchenga pambale yachitsulo, nakhwekhweza m'mphepete mwake ndi uta, monga achita woliza kaligo. Mchenga unandanda m'mizere pamene chitsulo chinali duu. Koma fumbi lopepuka linakana, linaunjikana pamene panali kugwedezeka koposa. Michael Faraday wa ku London ndiye anamasula mwambiwu mu 1831. Iye anapeza kuti mpweya wa pamwamba pa mbaleyo unali kuzungulira ngati kamvuluvulu nunyamula fumbilo, pakuti atauchotsa mpweyawo fumbi linatsata mchenga.

Tsono zinadziwika kuti phokoso likamayenda mumpweya limakankha tinthu. Mu 1866 August Kundt analowetsa phokoso m'paipi yagalasi yokhala ndi fumbi, ndipo fumbilo linagawika timilu totalikirana mofanana. Poyesa mipata yake anawerengera liwiro la phokoso. Mu 1934 Louis King wa ku Montreal anawerengera mphamvu imene phokoso likankha nayo kambulunga kolimba. Ndipo mu 1962 Lev Gor'kov wa ku Russia anaonetsa kuti m'madzi tinthu tolemera ndi tolimba kuposa madziwo tikankhidwira malo ena, koma topepuka ndi tofewa, monga timadontho ta mafuta, tikankhidwira kwina.

Kodi phindu lake n'chiyani? Pochita opaleshoni ya mtima madokotala amabwezera wodwala mwazi wake wotayika, koma mwaziwo umasakanizika ndi timadontho ta mafuta tokhoza kutseka timitsempha ta mu ubongo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 akatswiri a ku Lund, m'dziko la Sweden, anapititsa mwazi m'kanjira kopapatiza, nalizamo phokoso losamveka ndi khutu la munthu. Maselo ofiira anasonkhana pakati, mafuta napatukira m'mbali, monga mayi wopeta alekanitsa mphale ndi gaga.

Chotero pamene mumva ng'oma ikulira usiku, dziwani kuti kulira kwake kuli ndi mphamvu yosuntha zinthu, ndi kuti pakati pa Chladni ndi Gor'kov panapita zaka 175 anthu asanathe kuiwerengera bwino.