PCA: Wodwala Kudzipatsa Yekha Mankhwala Oletsa Ululu

PCA ndi njira yochepetsera ululu imene wodwala amadzipatsa yekha mankhwala podina batani lolumikizidwa ku kamakina kopopa mankhwalawo. Imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'masiku awiri kapena atatu oyamba munthu akachitidwa opaleshoni yaikulu, monga yochotsa khansa ya kummero, ya m'chifu kapena ya m'matumbo. Anaiyambitsa ndi dokotala wa ku New York, Philip Sechzer, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kamakina koyamba kupezeka pamsika, Cardiff Palliator, kanapangidwa ku Wales mu 1976.

Amene amatchera kamakinako ndi dokotala. Kwa munthu wamkulu, kawirikawiri kudina kamodzi kumatulutsa 1 mg ya mofini, yomwe imalowa mumtsempha kudzera pa diripi. Kenako kamakina kamadzitseka kwa mphindi 5 mpaka 10: ngakhale wodwala adine kakhumi m'nthawiyo, sipatuluka kanthu. Kamawerengabe kudinako, choncho namwino akaona kuti munthu wadina kambirimbiri amadziwa kuti mankhwala akuchepa. Mofini akapanda kumuyanja wodwala, madokotala amaika fentanyl kapena hydromorphone, ndipo ena amalandira mankhwala kudzera pa kachubu ka kumsana. Nthawi zambiri amawonjezerapo paracetamol kuti mofini asafunike wambiri.

Kuletsa ululu pano si nkhani ya chisoni chabe. Munthu wosokedwa pamimba kapena pachifuwa akamamva kupweteka amapuma mopereweza, amaopa kutsokomola, safunanso kudzuka pabedi. Makhololo akatsalira m'mapapo chibayo chimalowa, ndipo kugona kosatembenuka kumachititsa magazi kuundana m'miyendo.

Zovuta za PCA ndi za mofini aliyense: nseru, kuyabwa thupi, kudzimbidwa ndi tulo. Choopsa kwambiri ndi kupuma pang'onopang'ono, n'chifukwa chake anamwino amawerenga kapumidwe pafupipafupi ndipo amasunga pafupi naloxone, mankhwala ofooketsa mphamvu ya mofini.

Chitetezo chenicheni cha njirayi chagona pa chinthu chooneka chopepuka. Mankhwala akayamba kuchuluka m'thupi, wodwala amasinza, batani limamugwa m'manja, ndipo sangadinenso kufikira mphamvu yake itatsika. Wina akamudinira, chitetezocho chatha. Kwathu kuno, kumene wodwazika sachoka pambali pa bedi usana ndi usiku, apa mpofunika kunena mosapita m'mbali: mayi woona mwana wake akubuula m'tulo akhoza kudina batani mwa chikondi, n'kumupatsa mankhwala oposa muyezo. Wodwazika akaona kuti m'bale wake akuvutika, aitane namwino.

Pa chifukwa chomwechi, PCA siyenera ana aang'ono kwambiri kapena munthu wosokonezeka mutu amene sangamvetse ntchito ya batani. Wodwala akayamba kudya ndi kumwa, kamakina kamachotsedwa ndipo amapitiriza ndi mapiritsi.