Kuchiza ndi Ntchito ku Pretoria

Pamene chipatala cha odwala misala cha Weskoppies chinatsegulidwa kumadzulo kwa Pretoria m'chaka cha 1892, m'masiku a ulamuliro wa Paul Kruger, odwala amene anali ndi nyonga ankapatsidwa khasu, tsache kapena zovala zoti achape, pakuti madokotala a nthawiyo ankakhulupirira kuti munthu wokhala manja lende nthenda imamkulira. M'menemo munali choonadi ndithu. Koma ntchitozo zinali zopindulira chipatala koposa mwini nthenda, ndipo m'dziko limene khungu linkaweruza zonse, zolemetsa zinkagwera anthu akuda, popanda wowafunsa chimene mtima wawo unkalakalaka.

Luso lochiza munthu pomgwiritsa ntchito za masiku onse, limene Angerezi amati occupational therapy, linayamba kuphunzitsidwa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg mu 1943, ndipo pambuyo pake sukulu ina inakhazikitsidwa ku Pretoria. Kumeneko ndiko kunadziwika mayi Vona du Toit, amene anatsogolera sukuluyo kuyambira m'zaka za m'ma 1960, namwalira mu 1974, atasiya chiphunzitso chimene mpaka lero chikutchedwa ndi dzina lake, ndipo chinaoloka nyanja kukafika m'zipatala za ku Britain.

Chimene mayiyu anaona n'chakuti ngakhale ochiza atakhala ndi zipangizo zamtengo wapatali chotani, wodwala sadzadzuka ngati chifuniro chake chili chigonere. Ndipo chifuniro chimenecho sichioneka ndi maso, koma chimaululika m'zimene manja achita ndi chinthu choikidwa patsogolo pake. Mpatseni munthu dongo, chikho kapena kansalu, ndipo dekhani, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: wina adzangochigwira nachitaya, wina adzachitembenuza kufuna kudziwa kuti n'chiyani, wina adzatsanzira mnzake, ndipo wina adzapanga chatsopano chimene sanauzidwe. Pamenepo wochiza amadziwa msinkhu umene munthuyo wafika, namupatsa ntchito yomuyenera, yosapepuka kwambiri kuti inganyozetse ulemu wake, yosalemeranso kuti ingamtayitse mtima. Ine ndimati nzeru imeneyi ndi yakuya, chifukwa ngakhale wopuwala uja wa pathamanda la Betesda anayamba wafunsidwa ngati afuna kuchira, ndipo mphasa anasenza yekha.

Tsankho linachedwetsa madalitso amenewa kufika kwa ambiri. Ophunzira akuda anapeza khomo lotseguka makamaka pamene Medunsa inakhazikitsidwa ku Ga-Rankuwa mu 1976, sukulu imene lero ikutchedwa Sefako Makgatho. Ndipo iwo amene anatumikira mabanja a ku Mamelodi, Atteridgeville ndi Soshanguve anakumana ndi nyumba zopanda ndalama zogulira zipangizo za m'sitolo. Umphawi womwewo unanola nzeru. Supuni yokulungidwa nsalu pachigwiriro inathandiza wakufa ziwalo kudya yekha. Zopanira zovala ndi zitsekerero za mabotolo zinalimbitsa zala. Ndipo kuchokera ku Zimbabwe, kumene Bevill Packer anaphunzitsa kumata makatoni ndi mapepala pogwiritsa ntchito phala la ufa, kunafalikira luso lopanga mipando yokhazikapo ana olumala, limene linafikanso kwathu ku Malawi.

Komatu chinthu chapakhomo sichichiza mwa icho chokha. Chimachiza pamene chili chimene mwiniwake anachisankha. Mayi amene moyo wake wonse anapeta ndi lichero sadzakondwera kusanja timatabwa ta ana, koma mukamuikira nyemba zoti asankhe, dzanja lofooka lidzayesetsa, chifukwa adziwa kuti madzulo banja lidzadya.

Inu abale amene mukusamalira kholo lodwala sitiroko, kaya ku Pretoria kaya kumudzi, musafulumire kumchitira zonse chifukwa cha chifundo. Mfunseni ntchito imene akuisowa koposa, ndipo mukapita kuchipatala mukawauze ochiza yankho lakelo.