Zosungunuka m'Madzi a ku Nsadzo

Madzi achilengedwe, kaya a mvula, a mumtsinje, a pachitsime kapena a pamjigo, sakhala madzi okhaokha, pakuti kulikonse kumene adutsa amatengako mpweya, mchere ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo zimenezi ndizo zimagamula ngati madziwo ayenera kumwedwa kapena ayi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo akatswiri opima madzi amavomereza kuti saiwalanso mwala umene anaukhudza.

Ku Nsadzo, dera la m'boma la Chifunde m'chigawo cha Tete, kufupi ndi malire a Zambia, mvula imagwa kuyambira Novembala kufikira Malichi, ndipo pogwapo imakhala itamwa kale mpweya wa carbon dioxide, umene umaipatsa kuwawasa pang'ono, pa muyeso wa pH pafupifupi 5.6. Ikalowa pansi, kuwawasako kumadya miyala pang'onopang'ono, kumasula calcium, magnesium, sodium ndi chitsulo. N'chifukwa chake mjigo wina umatulutsa madzi okana kuchita thovu ndi sopo, pamene wina madzi ake, ngakhale atuluke oyera, akagona mu ndowa amafiira ndi kusiya dzimbiri pansi, popeza chitsulo chija chakumana ndi mpweya.

Zoopsa kwenikweni ndi zimene lilime silizimva. Bungwe la WHO limalangiza kuti m'lita imodzi fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5, chifukwa akachuluka amathimbiriritsa mano a ana ndi kuwononga mafupa, ndiponso kuti nitrate, amene amachokera ku feteleza, m'makola ndi m'zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi chitsime, asapitirire mamiligalamu 50, pakuti amalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya. Kumene anthu amakumba golide, monga m'madera ena a Chifunde, matope amadetsa mitsinje, ndipo wogwiritsa ntchito mercury pogwira golideyo amasiya ululu umene umaunjikana m'nsomba. Ululu womwewu ndiwo unachititsa maiko kusaina pangano la Minamata mu 2013.

Mneneri Elisa anachiritsa kasupe wa ku Yeriko pothiramo mchere, koma ife tapatsidwa nzeru ya kupima. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo mankhwala a Certeza kumapha tizilombo ta kolera, komabe sikuchotsa fluoride, nitrate kapena mercury. Chotero mjigo uliwonse watsopano uyenera kupimidwa anthu asanayambe kutungapo, ndipo chimbudzi chikumbidwe kumunsi, kutali ndi chitsime.