Cheza Chochiza ndi Zipsera Zake

Pamene Marie Curie ndi mwamuna wake Pierre anatulukira radium mumzinda wa Paris m'chaka cha 1898, madokotala a ku Ulaya ndi ku America, amene kufikira masiku amenewo analibe chida cholimbanira ndi khansa koma mpeni, anayesa kuti alandira moto wakupsereza nthenda ndi kusiya munthu wamphumphu. Koma prostate, kachiwalo ka amuna kokhala kunsi kwa chikhodzodzo, Namalenga anakaika pamalo opanikizika: njira ya mkodzo ipyola pakati pake, thumbo lotsiriza ligundana nako kumbuyo, ndipo mitsempha yopatsa mwamuna mphamvu ya m'nyumba iyanga m'mbali mwake. Oyamba aja, monga Hugh Young wa ku Baltimore, amene analowetsa radium m'njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi, anaona msanga kuti cheza sichisankha nyama yodwala ndi yabwino.

M'chaka cha 1941 Charles Huggins wa ku Chicago anasonyeza kuti khansa ya prostate idya mphamvu yochokera m'mavalo, kotero kuti mwamuna akathenedwa chotupa chifota. Ndipo chifukwa cha ntchitoyi analandira mphoto ya Nobel mu 1966. Pambuyo pake Malcolm Bagshaw wa ku Stanford anawotcha nthendayi kuchokera kunja kwa thupi ndi makina amphamvu; Willet Whitmore ku New York anabzala timbewu ta ayodini wotulutsa cheza m'kati mwa prostate momwe; ndipo mu 1983 Hans Holm wa ku Denmark anaonetsa kabzalidwe kolongosoka, dokotala akupenya m'thupi ndi makina ounikira.

Tsono kwa amuna amene khansa yao ndi yaukali, nzeru zitatuzi zinayamba kumangidwa mtolo umodzi. Michel Bolla wa ku Grenoble ndi anzake analengeza mu 1997 kuti mwa odwala 100 alionse amene analandira cheza pamodzi ndi jekeseni wotseka mphamvu ya chimuna kwa zaka zitatu, 79 anali ndi moyo zitapita zaka zisanu, pamene mwa olandira cheza chokha anatsala 62. Chimenechi ndi chipulumutso choona, ndipo palibe wanzeru angachipeputse. Komatu walira mvula walira matope, pakuti jekeseniyo, ngakhale sadula kanthu, achita ntchito ya kuthena kuja: mwamuna atentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, alefuka, mafupa ake afooka, mabere atupa, ndipo chilakolako cha mkazi wake chizima.

Za timbewu tija umboni womveka unachokera ku Canada mu 2017, pa kafukufuku wotchedwa ASCENDE-RT wa amuna 398. Onse analandira jekeseni ndi cheza cha kunja. Koma amene anawonjezeredwa timbewu, ngakhale zizindikiro za khansa zinabwerera mwa owerengeka poyerekeza ndi anzao, anasauka kwambiri ndi mkodzo: mwa 100 alionse, 18 anagwidwa ndi vuto lalikulu, monga kuphwa kwa njira ya mkodzo kapena kudontha kosaletseka, pamene mwa enawo anali 5 okha. Ndipo chimene chindilemera mumtima nchakuti pa kutalika kwa moyo magulu awiriwa sanasiyane moonekera.

Masiku ano makina alunjika bwino koposa kale, ndipo kutuluka magazi pochita chimbudzi, kumene kunazunza odwala a m'badwo wa Bagshaw, kwachepa. Koma mkulu wovala thewera pansi pa suti yake, wochita manyazi kuulula ngakhale kwa mkazi wake, akalipobe. Inu madoda amene mudzauzidwa kuti nthenda yanu ifuna mankhwala atatu pamodzi, musawakane chifukwa cha mantha. Koma musanavomere, pitani ndi akazi anu kwa dokotala, ndipo mumfunse poyera chimene chilichonse cha zitatuzo chidzakuwonjezerani, ndi chimene chidzakulandani.