Mmene SSD Inakhalira Cache ya Seva

Kwa zaka zambiri, chimene chinkachedwetsa seva, kompyuta yosunga mafayilo ndi maakaunti a anthu ochuluka, chinali hard disk. Yoyamba inatulutsidwa ndi IBM mu 1956. Inali ndi mbale 50 zozungulira koma inkasunga pafupifupi 5 MB basi. M'kupita kwa nthawi madisiki anachepa thupi n'kumasunga zambiri, koma kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe: mbale izungulire, kamkono kasunthe kukafuna pamene pali chinthucho. Disiki yozungulira maulendo 7,200 pa mphindi siyankha zopempha zomwazikana zoposa 200 pa sekondi.

SSD, chipangizo chosungira zinthu chimene chinabwera pambuyo pake, ilibe chozungulira. Imagwiritsa ntchito flash memory imene Fujio Masuoka wa ku Toshiba anatulukira m'zaka za m'ma 1980, ndipo imayankha zopempha zikwizikwi pa sekondi. Chovuta chinali mtengo. Mu 1991 SSD ya 20 MB inkagulidwa pafupifupi madola 1,000, ndipo ngakhale patapita zaka 15 kudzaza seva yonse ndi ma SSD kunali kwa olemera okha.

Akatswiri anaona kuti zinthu zimene zimafunidwa kawirikawiri m'seva ndi zochepa. Wamaholoselo wa mu Limbe amadziwa zomwezo: shuga, sopo ndi mafuta ophikira amaziika pafupi ndi kauntala, katundu wosayenda malonda n'kumusiya kuseri. Choncho SSD yaing'ono inayamba kuikidwa patsogolo pa madisiki akuluakulu kuti izisunga zofunidwa pafupipafupi. Imeneyi ndiyo cache. Sun Microsystems inaika njirayi mu pulogalamu yake yosunga mafayilo ya ZFS cha mu 2008, Facebook inatulutsa Flashcache mu 2010, ndipo mu 2013 Linux inalandira dm-cache ndi bcache, onsewa ndi mapulogalamu a cache.

Nthawi yomweyo ntchito ya ma seva inkakula kuno ku Malawi. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo mu 2015 National Switch inalumikiza ma ATM a mabanki. Kufunsa balansi, kugula mayunitsi a magetsi, kutapa malipiro kumapeto a mwezi, zonsezi ndi zopempha zing'onozing'ono zomwazikana, zimene hard disk imalephera kuthamanga nazo.

Komabe cache ili ndi ngozi yake, ndipo mu Blantyre ngoziyo si yongopeka. Pali njira ziwiri zolembera. Mu write-through, chinthu chimalembedwa pa SSD ndi pa disiki pomwe seva isanavomereze. Imachedwerapo koma sitaya kanthu. Mu write-back, seva imavomereza chinthucho chikangofika pa SSD, n'kuchitsitsira pa disiki pambuyo pake. Magetsi akathima pakati pamenepo, kapena SSD ikafa, ndalama zimene kasitomala wauzidwa kuti zalowa zikhoza kusowa m'kaundula. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW ndipo magetsi ankathima maola ambiri. Pamalo otere write-back ndi yoyenera pokhapokha pali UPS (batire lothandiza magetsi akathima), jenereta, ma SSD awiri olemba zofanana, komanso okhala ndi ma capacitor omalizitsa kulemba.

Lero mtengo wa SSD watsika moti ma seva ambiri atsopano alibenso mbale. Cache yatsalira makamaka kumene kumasungidwa zinthu zochuluka zedi, monga mafayilo akale a maofesi, kumene hard disk ikadali yotchipa pa terabyte iliyonse.